Theka la Jakisoni wa a Eilev

Valdres, 11 Ogasiti 1996

Wokondedwa mwana wanga Tordis,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Preben kumeneko ku Denmark. Kuno tilipo, kungoti mvula yanyanya. Udzu umene tinamweta unanyowa kawiri tisanautute, ndipo mlongo wako Sveinung akungoyenda akung'ung'udza yekha. Bowa ndiye ali mbwee kumapiri. Tanthauzo lake ukulidziwa. Zaka khumi zatha chiphulikire ng'anjo ya nyukiliya ya ku Chernobyl ija, koma fumbi lake la cheza choopsa likadali m'nthaka yathu, ndipo nkhosa zikadya bowa wambiri makina oyezera cheza aja amakwera. Chaka chino tizidyetsera m'khola milungu ingapo zisanaloledwe kupita kokaphedwa, zimenezo ndaziona kale.

Ndikulemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ili pakhonde, ndipo bambo ako, amene amati makutu awo anafa, amamva chilichonse chonenedwa za iwo.

Nkhani ndi iyi. Kuyambira mwezi wa Juni, akamakwera kamtunda ka kuseri kwa khola amaima pakati, n'kumanamizira kuyang'ana mpanda. Moyo wanga wonse ndakhala ndi munthu ameneyu, mpanda umenewo sanauyang'anepo. Tsiku lina ndinawapeza atatsamira thalakitala, dzanja lili pachifuwa. Nditafunsa, iwo amvekere, "Ndadya mofulumira." Chikhalirecho anali asanadye.

Ndinawakokera kwa dokotala wathu. Iye wawalembera kuti akajambulidwe mtima kuchipatala chachikulu pa 4 Sepitembala. Akuti amabaya munthu jakisoni wa mankhwala a cheza, kenako kamera n'kumatsata mankhwalawo m'thupi. Bambo ako atangomva mawu akuti cheza anavala chipewa. Tili m'galimoto anangoti, "Chinthu chimene chinanditayitsa nyama yonse chaka chija, lero ndichilowetse ndekha m'mitsempha? Ine ayi."

Kodi si ntchito yako imeneyi, mwanawe? Ine sinditha kuifotokoza, anthu akandifunsa ndimangoti umajambula odwala. Alembere iwowo, osati ine. Za thalakitala usatchule. Ungoti wamva kuti dokotala akufuna kuwaona bwinobwino.

Ndatumiza tchizi chofiirira chija, a Preben asamalize okha. Utiuze za kumeneko, masiku ano wasowa.

Ndine mayi ako,
Borghild

*

Odense, 19 Ogasiti 1996

Okondedwa Ababa,

Moni wochuluka kuchokera kwa ine ndi Preben. Tili bwino. Ndamva kuti udzu unavuta koma unalowa, ndiponso kuti dokotala akufuna kujambula mtima wanu. Poti ntchito imeneyi ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndati ndikuuzeni mmene imayendera, inu muganize nokha.

Mtima nawonso ndi mnofu, umadya magazi kudzera m'timitsempha take. Kamtsempha kamodzi kakayamba kutsekeka, munthu atakhala pansi samva kanthu, koma akakwera mtunda gawo limenelo limasowa magazi. Mankhwala amene timabaya amayenda ndi magazi n'kukakhala mumnofu wa mtima. Pamene magazi afika bwino pamawala pachithunzi, pamene sanafike pamada. Kamerayo siitulutsa kanthu, imangowerenga cheza chochokera mwa munthu. Amakujambulani kawiri, mutapuma ndiponso mutapalasa njinga yosayenda, n'kufananitsa zithunzi ziwirizo.

Chimene chikukuvutani ndikuchidziwa. Ndinalipo chaka chija pamene galimoto inanyamula ana a nkhosa onenepa bwino, tonse tikudziwa kuti palibe adzadye nyama yake. Ndimakumbukira kuti munakhala m'khola lopanda kanthu mpaka Amayi anakutsatirani. Sindikunena kuti mantha anu ndi opanda pake.

Koma zinthu ziwirizi n'zosiyana. Chimene chinagwa ndi mvula kumapiri kwathu chimatha mphamvu pang'onopang'ono, zaka makumi atatu kuti chitsike ndi theka, n'chifukwa chake mukuyezabe nkhosa mpaka lero. Chathuchi chimatsika ndi theka pa maola asanu ndi limodzi, china chimatuluka ndi mkodzo. Pakatha masiku awiri kapena atatu chimakhala chapita. Ndiponso sitimangothira. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti munthu apatsidwe mlingo wochepetsetsa umene ungatheke. Kuno timakhalira kukambirana zimenezo, mmene tingachepetsere.

Ndabaya anthu ambirimbiri, ena okalamba kuposa inu, ndipo madzulo ake amapita kwawo kukathirira maluwa. Pitani, Ababa. Mukapanda kupita, dokotala azingolota, ndipo inu simukonda anthu olota.

Mundiuze kuti nkhosa mudzazitsitsa liti kuphiri.

Ndine mwana wanu,
Tordis

*

Valdres, 6 Sepitembala 1996

Chemwali,

Moni. Tonse tilipo. Amayi akuti ndilembe ine poti ndine ndinaperekeza Ababa kuchipatala Lachitatu.

Kalata yako inagwira ntchito, mwinanso mopitirira. Anaiwerenga, anaipinda, n'kuiika m'thumba la jekete la kutchalitchi. Tsikulo anadzuka okha, khofi sanamwe monga anawauzira, ndipo njira yonse anandiuza mmene ndikuyendetsera molakwika. Ndinati zayenda.

Titafika anawayeza kulemera. Sikelo inanena zake, iwo anati ndi nsapato. Kenako kunabwera mayi wobaya jakisoni, atanyamula kabokosi kolemera kachitsulo. Ababa anapinda mkono wa malaya bwinobwino, n'kufunsa mwa muyeso uja woyezera cheza m'nkhosa kuti, "Muli mabekerelo angati m'menemo?"

Mayi uja anasangalala, ankayesa wapeza wodwala wokonda kuphunzira. Anati, "Kwa munthu wa thupi ngati lanu, jakisoni wamkuluyo ndi pafupifupi mamiliyoni 800."

Ababa anatsitsa mkono wa malaya n'kumanga batani. "Nkhosa yanga ikapitirira 600 pa kilo, boma limati si nyama. Inu mukuti mamiliyoni?"

"N'zosiyana, bambo. Izi zimatha msanga."

"Ndikudziwa, mwana wanga amagwira ntchito yomweyi ku Denmark. Walemba kuti kumeneko amapereka mlingo wochepetsetsa. Ndipatseni theka."

Ine ndinati, "Ababa, kuno si kumsika wa nkhosa." Anandiyang'ana ngati ndine ndawagulitsa.

Anaitana dokotala, munthu wofatsa ndithu. Anakhala pampando n'kuwauza kuti, "A Eilev, thupi lanu ndi lalikulu. Chezacho chiyenera kudutsa mnofu wonsewu chisanafike pa kamera, ndipo chambiri chimathera m'njira. Tikachepetsa, chithunzi chituluka chofooka."

"Theka, apo ayi ndikupita. Ndili ndi mpanda wokonza."

Dokotala anati bola chithunzi chofooka kusiyana ndi kupanda chithunzi. Anavomera kuchepetsa, koma anati ndiye agone pansi pa kamera nthawi yotalikirapo kawiri, manja ali pamwamba pa mutu, osagwedezeka. Ababa anamugwira chanza ngati agulitsana ng'ombe.

Phewa lawo lakumanja ukulidziwa, lija inawagunda nkhosa yamphongo. Poyamba anapirira. Chakumapeto anatsitsa mkono, anatsokomola, ndipo ine ndili panja ndinkawamva akufunsa ngati kwatsala pang'ono. Njinga anapalasa, koma anatsika nkhope ili ngati phulusa.

Dzulo dokotala anaimba. Ndinamvera nawo. Akuti chithunzi sichinatuluke bwino. Kumunsi kwa mtima kukuoneka kodera, koma sangathe kunena ngati ndi magazi osafika kapena ndi mthunzi wa mimba chabe. Akufuna abwerenso, ndi mlingo wonse. Ababa anathokoza mwaulemu, anaika foni pansi, n'kuuza Amayi kuti, "Sanapeze kanthu."

Sindikukuimba mlandu. Koma ukamalembera munthu ngati ameneyu, uziwerenga mawu ako mmene iye angawawerengere. Mawu akuti wochepetsetsa awapatsa ndodo yotimenyera tonse.

Lolemba tikukwera kumsasa wa kuphiri, Loweruka tikusonkhanitsa nkhosa ndi anthu a m'dera. Ababa akuti apita nawo monga chaka chilichonse. Ngati uli ndi mawu ena, ndi nthawi yake ino.

Mlongo wako,
Sveinung

*

Odense, 10 Sepitembala 1996

Achimwene,

Moni nonse. Kalata yanu ndailandira lero masana. Ndaimba kunyumba kangapo, palibe woyankha, ndiye kuti mwakwera kale. Ndikulemba mwachangu, mwina wina atsika kudzatenga makalata Loweruka lisanafike.

Mwanena zoona, ndinalemba theka la chiganizo. Lamulo lathu lonse limati mlingo wochepetsetsa umene ungapereke chithunzi chowerengeka. Mbali yomalizayo ndinaisiya poopa kuwaopseza. Mlingo umene sukupereka yankho si wochepa ayi, ndi wotayika, chifukwa munthu walandira cheza ndipo akuyenera kulandiranso.

Muwafotokozere chonchi. Chipale chofewa chikangoyamba kugwa, timadontho apa ndi apo pabwalo, simungadziwe pamene pali dzenje ndi pamene palibe, ponse pamangooneka mawangamawanga. Chikagwa chokwanira m'pamene maonekedwe a nthaka amadziwika. Kamera yathu imamanga chithunzi ndi timadontho totero. Kwa iwo tinagwa tochepa, ndipo atagwedezeka tochepa tomweto tinamwazika.

Chachikulu ndi ichi. Dokotala sananene kuti palibe kanthu. Wanena kuti sakuona. Kumunsi kwa mtima ndi kumene mimba ya amuna onenepa imaika mthunzi, zoona, koma ndi kumenenso kamtsempha kena kamakonda kutsekeka. Munthu amene amaima pakati pa kamtunda ka kuseri kwa khola sayenera kuthamangitsa nkhosa m'phiri tsiku lonse. Akhale pakhola la kumsasa, azitsegula chipata. Mukawauza kuti ndanena ine akwiya, koma akwiye.

Ndikudikira kumva.

Tordis

*

Valdres, 16 Sepitembala 1996

Mwana wanga Tordis,

Usade nkhawa, ali moyo ndipo pano akudya. Ndayamba ndi zimenezo kuti uwerenge zotsalazo mtima uli m'malo. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Kalata yako tinaipeza m'bokosi dzulo titatsika. Inali itagona m'menemo ife tili kuphiri.

Loweruka kunacha bwino. Amuna anagawana madera monga mwa nthawi zonse. Sveinung ananong'onezana ndi a Torgrim, aneba athu aja, kuti bambo ako awapatse dera lakumunsi, lopanda zitunda zambiri. Iwo anazindikira. Chakumasana magulu onse anafika pakhola, nkhosa zili piringupiringu, ine ndikuthira khofi. Bambo ako osaoneka. Poyamba ndinati akutsata ina yosochera. Kenako galu wawo anafika yekha.

A Torgrim ndi Sveinung anawapeza tsidya la kamtsinje atakhala pamwala. Nkhosa zingapo zinaima chapafupi zikuwayang'ana, ngati zikufunsa kuti tsono tilowere kuti. A Torgrim anati, "Eilev, wakhala pansi ntchito ikadalipo?" Iwo amvekere, "Ndikudikira phirili litsike pang'ono." Koma milomo inali itada, ndipo thukuta linali litanyowetsa juzi yonse. Anawatsitsa pa hatchi ya a Torgrim. Munthu amene wakwera phiri limeneli ndi miyendo yake kuyambira ali mwana. Atafika pakhola anthu onse anapeza zochita kumbali, kuti asawayang'ane.

Dokotala wathu wawapatsa timapiritsi toika kunsi kwa lilime, ndipo waimbira kuchipatala chachikulu. Awajambulanso pa 25. Akuti chifuwa chikathina ali chikhalire, tisadikire tsikulo.

Kalata yako Sveinung anawawerengera yonse, sanadumphe kanthu. Za chipale zija anazimva. Kenako anati, "Akanalemba choncho poyamba." Ine ndinati, "Mukanamva poyamba?"

M'mawa uno, ndikutsuka makapu, anena okha. Akuti, "Andipatse wonse. Koma Tordis akhalepo, aone kuti sakuwonjezera." Ukudziwa kuti bambo ako sapempha. Mawu akewo ndi onena za mlingo, koma chimene akufuna ndi iwe. Bwera, mwanawe. Ukhale nafe sabata imodzi, chipinda chako ndachikonza. Tipha mwana wa nkhosa, ngati woyeza cheza m'nkhosa atilola.

Mayi ako,
Borghild

*

Odense, 19 Sepitembala 1996

Amayi,

Zikomo pondiuza zonse. Ndathokoza kuti a Torgrim anali pafupi. Ine ndi Preben tili bwino.

Ndibwera. Ndidzakwera sitima ya pamadzi Lachiwiri, kenako ya pamtunda, tidzakumane pachipatala pomwepo Lachitatu m'mawa. Koma kunyumba sindifika ulendo uno, ndidzabwerera tsiku lomwelo. Musandifunse zambiri, ndi mmene zinthu zilili pakali pano.

Muwauze Ababa kuti asamwe khofi, ndipo piritsi la phewa amwe asananyamuke. Ndikapempha kuti awaikire mtsamiro pansi pa mikono.

Tordis

*

Valdres, 26 Sepitembala 1996

Tordis,

Ndikhulupirira wafika bwino. Ife tinafika bwino. Ndikulemba m'mawa uno amuna ali kukhola, akudikira woyeza nkhosa. Ndati ndinene zimene zili kumtima kwanga zisanaume.

Choyamba ndithokoze. M'mawa uja unawagwira dzanja, unayang'ana pepala la mlingo n'kuwauza kuti, "Ndi womwewo ndikanakupatsani ine, Ababa," ndipo anapinda mkono wa malaya. Mtsamiro uja unathandiza, anagona zii ngati mwala. Ndipo dokotala atationetsa zithunzi, ngakhale ine ndinaona. Cha atapuma chinali mphete yowala yathunthu. Cha atapalasa njinga, mphete yomweyo yodukira kumunsi. Palibenso zoti mwina ndi mthunzi wa mimba. Dokotala anati apite ku Oslo mwezi wamawa akatsegule kamtsemphako, ndipo iwe unagwedeza mutu povomereza. Bambo ako sanayankhebe za Oslo. Njira yonse anangoyang'ana panja.

Koma mwanawe, takulakwira chiyani? Atangowabaya jakisoni unasintha. Podikirira paja panali mpando pafupi ndi iwo, iwe unakakhala kumapeto kwa khonde, n'kumayankhula nawo ngati munthu wa tsidya la mtsinje. Ndinakuthirira khofi, unakana. Chakudya chimene ndinanyamula unangochigwiragwira. Sveinung anati tikuperekeze kusiteshoni pagalimoto, unati uyenda pansi. Ndinapempha kuti ugone kunyumba usiku umodzi wokha, ulendo wa maola atatu chabe uli pambali pa bambo ako, unati sizitheka. Potsanzikana ine unandikumbatira, mlongo wako unamukumbatira. Bambo ako anatambasula dzanja, iwe unabwerera m'mbuyo n'kuwabayibitsa.

Ndinaona nkhope yawo. Sanena, koma ndinaiona.

Ngati ndi mawu aja anakulembera Sveinung, mukhululukire, pakamwa pake ndi pa bambo ake. Ngati wakwiya kuti anakwera phiri, kalata yako inali isanafike. Ngati ndi za kwanu ndi a Preben, ndiuze, ndine mayi ako. Koma chimene sindikumvetsa ndi ichi. Iwe wemwe unawalembera kuti mankhwala amenewa si oopsa. Nanga bwanji unawathawa ngati ali ndi nthenda yopatsirana? Munthu wavomera chinthu chimene amachiopa kuposa china chilichonse chifukwa cha mawu ako, kenako akuona iwe ukuchiopa.

Sindinazolowere kukulembera chonchi. Ndiyankhe.

Mayi ako

*

Valdres, 29 Sepitembala 1996

Tordis mwana wanga,

Moni. Upereke moni kwa Preben. Ine ndili bwino. Timapiritsi ndagwiritsa kamodzi kokha. Amayi ako apita kutchalitchi, ine ndatsala, ndati ndilembe. Zolemba zanga uzipirire.

Ndikuuze za Lachinayi. Woyeza anabwera, a Magnhild, omwe aja amabwera chaka chilichonse ndi makina awo. Sveinung ankagwira nkhosa. Ine anandiletsa kugwira, ndiye ndinaima pachipata pomwepo, ndikulowetsa imodziimodzi. Torgrim analipo, akudikira kuti akatha zathu apite kwake.

Anaika makina pamsana pa yoyamba. Anayang'ana nambala, anachotsa magalasi, anawapukuta. Anayesa yachiwiri. Chimodzimodzi. Anati, "Nambala zotere sindinazionepo, ngakhale chaka choyamba chija." M'maganizo ndinaona galimoto ya chaka chija ikubweranso. Torgrim anavula chipewa, poti nkhosa zake zinadya phiri limodzi ndi zanga.

A Magnhild anazimitsa makina, anayatsanso. Anawaloza m'mwamba, kopanda nkhosa, nambala zili pompo. Anatuluka nawo panja, zinatsika. Akubwerera, zinayamba kukwera. Anayenda pang'onopang'ono, makina ali patsogolo ngati galu wanunkhiza kanthu, mpaka anafika pamimba panga.

Anati, "A Eilev, mwadya bowa wochuluka bwanji?"

Sveinung ndiye anayamba kuseka. Anawauza za chipatala. Torgrim anakhala pansi pa udzu. Anati, "Ameneyu musamulole kupita kokaphedwa. Adyere m'khola mpaka Khirisimasi." Ine ndinati nyama yanga ndi yolimba kale, palibe angaigule. Anandithamangitsa. A Magnhild anati ndipite kuseri kwa nyumba, ndipo ndisasuzumire. Nditachoka anayeza bwinobwino. Zambiri zadutsa. Zina zidyera m'khola milungu itatu. Si zoipa, poona kuchuluka kwa bowa.

Ndiye ndinakhala pabenchi kuseri kwa nyumba ndekha, khola langa lomwe atandiletsa. Ndinaganiza kuti, tsiku lathunthu lapita, ndipo kachitsulo kaja kandimva ndili pachipata. Nanga dzulo lake, jakisoni ali wamoto, ndinali wotani? Pamenepo ndinaganiza za iwe kumapeto kwa khonde kuja.

Sindibisa, zinandipweteka. Usiku wake ndinati mwana uja wandinamiza, chinthuchi n'choopsa ndipo akudziwa. Koma pabenchi paja ndinaziyala bwino. Iwe umagwira mankhwala amenewa zaka zonsezi. Mayi wobaya uja anaima pafupi nane osaopa. Amayi ako unawalola kukhala nane m'galimoto. Ndiye si za iwe, ndipo si za munthu wamkulu aliyense. Ndinakumbukira chikwangwani cha pachitseko cha chipinda chija, chopempha amayi ena kuti anene asanalowe. Ndinakumbukiranso khofi amene unakana, ndi mmene unkakhalira pampando, dzanja lili pamimba osadziwa.

Chifukwa chimene wakhalira chete ndikuchidziwa. Kawiri konse unatiuza msanga, tinakondwera, kenako zinapita padera ndipo unachita kutiimbira foni kudzatiuza. Sukufuna kuimbanso foni yotero. Ndipo sunafune kuwonjezera nkhawa pa Amayi ako nthawi ino. Mwina kukumbatira kamodzi sikukanavuta kanthu, iwe ukudziwa bwino kuposa ine. Koma amene anataya kawiri sayesa mwayi. Inenso ndikanaima kumapeto kwa khonde. Unawoloka nyanja uli choncho kudzaona jakisoni wa nkhalamba yamakani. Zimenezo ndaziwerengera.

Amayi ako sindinawauze. Akwiya nawe, ndipo ndawasiya akwiye, chifukwa nkhaniyi mwini wake ndiwe. Koma usachedwetse kwambiri. Sakugona bwino, ndipo akakwiya ndi iwe amathera pa ine.

Za Oslo ndavomera. Ndinaimba ndekha Lachisanu. Akuti pa 21 Okutobala. Sindikatsutsana nawo za mlingo wa chilichonse, Sveinung wandilumbiritsa. Usabwere, khala komweko upume. Ndawerengera, ndipo ngati sindinaphonye, nkhani yako idzafika nthawi imodzi ndi kuswa kwa nkhosa, chakumapeto kwa Epulo. Ndikufuna ndidzakhale ndikutha kukwera kamtunda.

Ngati ndalakwitsa, ng'amba kalatayi, tisadzaitchulenso. Ndipo undikhululukire pokufanizira ndi ziweto, ndi sukulu yokhayo imene ndinapita. Koma ya bere sindinailakwitsepo.

Bambo ako,
Eilev